Mkwatibwi Akupita ku Dwangwa

LOLEMBA

Mawa tikunyamuka! Ndilembenso kuti ndikhulupirire ndekha: mawa tikunyamuka.

Tilipo anthu anayi, magalimoto anayi, onse akale kuposa ana athu. Gulu lathu lilibe dzina chifukwa sitinagwirizane, koma wapampando alipo. Ndi a Gondwe. Anadzisankha okha tsiku lomwe enafe tinachedwa kumsonkhano.

Cholinga: kuchoka pano paboma pa Nkhotakota, kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuwoloka Bua, kudutsa Dwangwa, Dwambazi, mpaka Nkhata Bay. Loweruka kubwerera, anthu akutiombera m'manja.

Opita ndi awa:

A Gondwe, mphunzitsi wamkulu wopuma. Galimoto yawo ndi yakuda bii, yaitali ngati bwato, ya chitseko kumbuyo. Amaitcha Bwana Mkubwa.

Che Saidi, telala wa pamsika. Pikapu yabuluu, dzina lake Subira. Akuti tanthauzo lake ndi kupirira. Wopirirayo ndi iwo, osati galimoto.

Sisitala Mbewe, namwino wopuma. Kagalimoto kozungulira msana, injini kumbuyo. Kamba.

Ine ndi Mkwatibwi.

Mkwatibwi ndi wobiriwira, wa mipando yachikopa, kunena yomwe yatsalako. Ndinamugula kwa bwana wina ndili kalaliki ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo ndi amene anatinyamula ine ndi mayi a Chifundo tsiku la ukwati wathu. Wakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira Chifundo ali kusekondale. Pano Chifundoyo ali ndi ana akeake ku Lilongwe.

Vuto ndi lakuti mayi a Chifundo atopa naye. Sabata yatha anaitana bambo wogula zitsulo zakale. Munthuyo anamuzungulira Mkwatibwi, akumugogoda ndi chala ngati akusankha vwende. Mtima unandiwawa zedi.

Ndiye pangano lilipo. Mawu awo ndi awa: "Akafika ku Dwangwa yekha, ndi injini yake, akhala. Akapanda kufika, Lamulungu akwera lole ya zitsulo. Pamalopo ndikufuna tomato."

Ndavomera. Dwangwa ndi pompa apa! Minibasi imapita n'kubwerera anthu asanadye chamasana.

Ntchito ya lero: kuchotsa nkhuku. Zakhala zikuikira mazira pampando wakumbuyo, ndipo ina yafungatira pampando wa dalaivala penipeni. Yandijompha kawiri. Mayi a Chifundo akuonerera pakhonde, ndipo zikuoneka kuti ali mbali ya nkhuku.

Masana a Gondwe atiwerengera malamulo:

Loyamba, suti yakuda ndi taye. Magalimoto aulemu amafuna anthu aulemu. Che Saidi akuti iwo avala mkanjo woyera ndi kofiya. Sisitala akuti siketi yakuda ndi bulauzi yoyera, zina alibe.

Lachiwiri, mzere umodzi, pang'onopang'ono, nyali zoyatsa ngakhale dzuwa lili pamutu. Bwana Mkubwa patsogolo. Anaziona pa kanema amene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni.

Lachitatu, mafoni onse ozimitsa, m'chitini cha mabisiketi, chitinicho m'galimoto yawo. "Nthawi ya magalimoto amenewa kunalibe foni, adada, ndipo anthu ankafika."

Ndapakira: zigubu za madzi (ndi za Mkwatibwi, osati zanga), waya, malegeni, sopo womatira thanki, sipanala, mphasa, mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi.

Ndamupukuta mpaka akuwala. Akuoneka ngati mtsikana!

LACHIWIRI

Walira! Mkwatibwi walira!

Osati nthawi yomweyo ayi. Akabaza onse a pasiteji amukankha mpaka kumsika, kubwerera, kupitanso. Kenaka wakhosomola, watulutsa utsi wakuda, walira. Ndangotsala pang'ono kulira naye.

Mayi a Chifundo sanabayibitse. Angoponya chitenje chawo chakale pawindo, chija cha maluwa achikasu. "Mukafunde. Kunjako kulibe wokusamalani." Ndiye kutsanzika kwawo kumeneko.

Chomwe sitinachiganizire n'chakuti kuno galimoto sichoka yopanda kanthu. Mbiri yamveka kuti tikupita kumpoto, ndiye m'mawa wonse anthu akungobwera ndi mawu amodzimodzi: "Mungondisiyirako panjira."

Zongotisiyirako panjira:
thumba la mpunga, la apongozi a winawake ku Liwaladzi;
matiresi;
chitseko chatsopano cha mlombwa;
mbuzi yamoyo, ya mayi wina wa kutchalitchi kwathu.

Zonse zakwera Subira. Subira wakhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Che Saidi akuti, "Tifika, inshallah." Akanena motero ndiye kuti iwonso akukayika.

Petulo tapeza dzuwa litakwera kale. A Gondwe alankhula pang'ono pamaso pa anthu a pamzere. Palibe amene anawapempha.

Tanyamuka! Bwana Mkubwa patsogolo, ine pambuyo pake, Kamba, kenaka Subira ndi mbuzi. Nyali ngwee. Suti ikuwotcha ngati ndavala uvuni, koma munthu ndikuoneka bwino.

Msewu: maenje, kamsewu pang'ono, maenje.

Mkwatibwi wawira. Tayima, tamumwetsa. Tayenda. Wawiranso. Amamwa ngati munthu wochokera kudambo.

Tagona kwa msuweni wa Che Saidi. Anthu abwino, atilandira ndi tiyi ndi zitumbuwa. Chomwe chandikhumudwitsa n'chakuti poitanira swala yamadzulo, Che Saidi atchera khutu n'kunena kuti, "Ameneyo ndi wa mzikiti wa kwathu uja." Tayenda tsiku lonse, koma mawu a munthu wa paboma akutipezabe!

A Gondwe akuti Nkhata Bay sinali m'maganizo mwawo kwenikweni. Dwambazi ndi yokwanira.

Ine zanga ndi Dwangwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

LACHITATU

Tsiku lokoma kuposa onse! Ndilembe bwinobwino kuti adzukulu adzawerenge.

Anthu akutipatsa ulemu. Osati ulemu wamba. Apanjinga akutsika n'kuima pambali. Amuna akuvula zipewa. Amayi a mabeseni pamutu akutula n'kugwada. Ana anali kumenya mpira pabwalo lina, asiya, angoti ndwii mpaka tadutsa.

Chodabwitsa kwambiri: minibasi yatitsatira kumbuyo mtunda wautali osatipitirira, osaliza hutala. Minibasi! Chibadwire sindinaonepo.

Pachipata cha apolisi sanafunse pepala lililonse. Angotsegula, wina wawerama mutu. Ndapuma mpweya wabwino, chifukwa mapepala a Mkwatibwi ndi a nthawi yomwe tsitsi langa linali lakuda.

A Gondwe misozi ili lengelenge: "Mwaona, adada? Dziko lino likudziwabe chinthu chabwino."

Sisitala akuti, "Ine zikundikayikitsa izi." A Gondwe ayankha kuti anamwino amaona matenda paliponse.

Masana Sisitala atopa ndi liwiro lathu. Akuti phazi lachita dzanzi. Kamba watuluka pamzere, watipitirira tonse, wazimiririka. Tisanafike n'komwe pa Bua, wabwerera ndi mandasi komanso mtolo wa nzimbe. Akuti ku Dwangwa kuli bwino, anthu akupereka moni. Wafika kale n'kubwerako! Sindinadye mandasiwo. Kenaka ndadya awiri.

Pa Bua pali anyamata ogulitsa nsomba, akuzikweza m'mwamba kuti tione. Mpasa zonona. Che Saidi agula, Sisitala agula, inenso ndagula. Tazimangirira pa magalasi a m'mbali monga amachitira aliyense, kuti ziziwombedwa mphepo. A Gondwe akana: Bwana Mkubwa sanapangidwire kunyamula nsomba kumakutu. Atamva mtengo wake amangirira ziwiri.

Kungoti nsomba ya pagalasi imafuna galimoto yothamanga. Pa liwiro lathu ntchentche zikutiperekeza osatopa, zina zikumapumulira pa taye.

Tawoloka mlatho wa Bua! Mkwatibwi wawoloka yekha, ndi injini yake, madzi ali mbuu pansi, bango likugwedezeka uku ndi uku. Ndamusisita pachiwongolero. Pamlatho womwewu ndinkadutsa Lachisanu lililonse pochokera ku esiteti kukaona mtsikana wina wa paboma amene ankanamizira kuti sakundidikira. Mpaka lero amanamizirabe.

Tagona panyumba ya alendo kutsidya kuno. Dwambazi yachotsedwa. A Gondwe akuti kulibe choona kumeneko.

Dwangwa mawa. Bambo wa zitsulo akafune vwende lina!

LACHINAYI

M'mawa.

Che Saidi akubwerera. Mawa ndi Lachisanu, tsiku la Ijuma, ndipo malinga ndi mayendedwe a Subira ayenera kunyamuka lero kuti swala akaipeze. Komanso mbuzi yaboola thumba la mpunga n'kudya mpaka mimba tolotolo. Mpunga wotsalawo ndi mbuziyo zikubwerera kwa eni ake, akakambirane okha.

Matiresi tamanga pamwamba pa Kamba. Chitseko talowetsa chogoneka kumbuyo kwa Bwana Mkubwa, ndipo a Gondwe achifunditsa nsalu yoyera kuti chisakande mipando.

Tatsala atatu. Si kanthu.

Masana.

Mkwatibwi wazima.

Sanawire, sanakhosomole. Wangoti zii pakati pa msewu, m'dera la Kanyenda, pafupi ndi nyumba ya a Makwinja. Bamboyu anabwera kalekale kuchokera ku Mulanje kudzadula nzimbe, basi n'kukhazikika. Atulutsa mipando asanatifunse n'komwe maina.

Tamukankhira pambali, koma theka lake likadali mumsewu. Ndiye tathyola masamba, taika uku ndi uku, monga amachitira aliyense galimoto ikawonongeka. Bwana Mkubwa waima pabwalo la a Makwinja, nyali zikadali zoyaka chifukwa a Gondwe akuti lamulo silinathe.

Ndayesa kuyamwa paipi ya petulo kuti mafuta abwere. Abwera, koma m'kamwa. Dzuwa, suti, petulo: dziko layamba kuzungulira. Sisitala andigoneka pamphasa m'mbali mwa msewu, andivula nsapato, andifunditsa chitenje cha maluwa achikasu kuyambira kumutu mpaka kumapazi chifukwa cha ntchentche za nsomba zija. Iwo akhala pambali akundikupiza. A Gondwe aima chapomwepo, chipewa pachifuwa, akuganiza.

Ndili m'chitenjemo ndamva minibasi ikudutsa mwakachetechete. A Gondwe akuti kondakitala wake ndi wa kwathu konkuja, wa nyumba yachitatu kuchokera kwanga, ndipo atationa wagwira mutu ndi manja awiri. Ayenera kuti wadabwa kuti tafika kutali chonchi.

Chakumadzulo.

Amayi angapo a m'mudzimu abwera ndi mitolo ya nkhuni, akhala pansi osalankhula. Ine ndimati ndi mwambo wolandirira alendo. A Makwinja aseka mpaka kugwira nthiti.

"Abwana, masamba pamsewu, galimoto yakuda yaitali, nyali masana, masuti akuda, chinthu chogoneka chofunditsa nsalu. Mumati anthu aganize kuti ndi chiyani? Ukwati?"

Basi zonse zabwera. Zipewa zija. Amayi ogwada aja. Minibasi yofatsa ija. Kuyambira paboma takhala tikuperekeza maliro opanda womwalira!

Sisitala sananene kuti ndinanena. Angoyang'ana a Gondwe mpaka iwo apita kukazimitsa nyali.

Amayi aja asiya nkhuni n'kubwerera akuseka. Masamba sitingachotse, galimoto ikadali mumsewu.

Sisitala akuti titsegule chitini, tiimbe kunyumba. A Gondwe akuti lamulo ndi lamulo. Ine ndakhala mbali ya a Gondwe, koma osati chifukwa cha lamulo. Ndikaimba, funso loyamba likhala lakuti Mkwatibwi ali bwanji, ndipo mayi a Chifundo bodza langa amalimva ngakhale pafoni.

Ndiwaimbira mawa ndili ku Dwangwa. Mawa akonzeka. Ayenera kukonzeka.

LACHISANU

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa Sisitala ndi a Gondwe apita pa Kamba kukasaka makaniko. A Makwinja ali kudimba. Ine ndakwawira pansi pa Mkwatibwi ndi sipanala, ndabisika ndense.

Ndikumva nyimbo kutali. Nyimbo ya maliro, ija timaimba kutchalitchi kwathu. Ndikuti, kodi wamwalira ndaninso? Kenaka ndikumva injini yomwe ndimaidziwa: Subira.

Waima pambali panga penipeni. Pansi pano ndikungoona mapazi. Mapazi ambiri akutsika, matumba a ufa, mapoto, nkhuni, mbuzi ija. Kenaka mapazi awiri amene ndingawadziwe ngakhale pakati pa msika. Avala mapatapata osiyana, lina lofiira lina labuluu. Mayi a Chifundo, amene sapita ngakhale kuchigayo osadziyang'ana pagalasi.

Agwera pachitseko cha Mkwatibwi, galimoto yonse yagwedezeka.

"Bambo a Chifundo ine! Ndakuthamangitsani ndine! Chifukwa cha tomato, mayo ine, tomato!"

Womwalirayo ndi ine! Kondakitala uja anaona chitenje chawo chitafunda munthu, namwino pambali, a Gondwe chipewa pachifuwa. Foni yanga yozima, ya a Gondwe yozima, ya Sisitala yozima. Mbiri inafika paboma minibasi isanazime n'komwe.

Mkazi wa a Makwinja akuyesa kufotokoza, koma amayi a kwathu akayamba nyimbo ngakhale bingu limadikira.

Ndimayenera kutuluka nthawi yomweyo. Ndikudziwa. Koma mkulu wa mpingo wayamba kunena kuti ndinali munthu wofatsa, wosakangana ndi aliyense, ndiye ndimati ndimve kaye pang'ono. Munthu yemweyu anandinena kuti ndine waliuma pamsonkhano wa denga la tchalitchi!

Kenaka mayi a Chifundo akumenya chitseko ndi chikhatho: "Galimoto yanuyi sindigulitsa! Anthu inu mumve! Ikakhala pansi pa mango mpaka ine ndidzakutsatireni!"

Pamenepo kumvetsera kwandikanika. Ndatuluka chokwawa, nkhope yonse oilo, sipanala m'manja.

Amayi abalalika! Wina mpaka m'munda wa chinangwa. Mkulu wa mpingo walumpha ngalande yomwe mnyamata sangailumphe. Otsala ndi awiri okha. Che Saidi angoti, "Alhamdulillah," n'kundikumbatira mkanjo wawo woyera uli pomwepo, oilo mbwee. Akuti sanagone, ndipo anali okonzeka kuphonya swala kuti anditengere kwathu.

Wina ndi mayi a Chifundo. Andiyang'ana. Andigwira tsaya, andigwira khutu, ngati akuona ngati zonse zilipo. Kenaka avula patapata lofiira lija.

Sindinazinde. Ndimayenera kumenyedwa.

Izi zokha sizoseketsa, ndipo ndizilemba monga zilili. Maso awo atupa. Usiku umodzi wawakalambitsa. Ine ndinali kuno ndikudya mpasa, ndikubisa manyazi a galimoto, iwo ali pamphasa akulira munthu wamoyo. Ndachita manyazi kwambiri, komanso, Mulungu andikhululukire, mtima wanga wasangalala. Zaka zonsezi sindimadziwa kuti angandilire chonchi.

Kamba wabwera ndi makaniko. A Gondwe atsika, aona khamu, afuna kukweranso. Mayi a Chifundo angotambasula dzanja: "Chitini." Aperekadi. Malamulo onse atatu afera pomwepo.

Foni yanga itayaka: mauthenga a chipepeso mbwee. Ena olembera ine mwini! Wina akuti ndiuse mumtendere. Chifundo ali m'basi kuchokera ku Lilongwe. Ndamuimbira. Wakuwa, walira, kenaka wanena mawu amene mwana sayenera kunena kwa bambo ake. Ndamulola.

Ufa wa pamaliro subwerera kunyumba, aliyense akudziwa. Ndiye amayi asonkha moto ndi nkhuni za dzulo zija. Mwini mbuzi anali m'gulu lomwelo, ndipo wanena kuti mbuziyo yayenda mokwanira. Che Saidi aizinga mwa mwambo wawo kuti tonse tidye, kenaka a Makwinja awalozera mzikiti wapafupi, swala aipeza. Mudzi wonse wabwera. Nyimbo zasintha, ena avina.

Ndadya pamaliro anga. Ndiwo zinali bwino.

Subira wabwerera ndi amayi dzuwa likadalipo. Mayi a Chifundo atsala. Sakundilankhula, koma atsala.

LOWERUKA

Tsiku lomaliza la pangano. Chiyembekezo chilipo!

Makaniko wamanga china ndi waya wanga, china ndi legeni, wapemerera paipi, akuti tiyese. Anthu onse amene anadya mbuzi dzulo abwera kudzakankha. Nyama ili ndi mphamvu.

Walira! Ndalumphiramo, mayi a Chifundo akwera mbali inayo ndi chikwama pamiyendo, nkhope ya woweruza. Tikuyenda! Chinangwa chatha, nzimbe zayamba uku ndi uku, zobiriwira mpaka kumapeto a maso. Fungo lomwe lija la unyamata wanga. Patsogolo utsi wa fakitale ukuoneka bwinobwino. Ndayamba kuimba.

Zii.

Takankha, wakana. Tamumwetsa, wakana. Ndamunyengerera ndi mawu amene sindingalembe pano. Makaniko watsegula boneti, wayang'ana nthawi yaitali, wavula kapusi. Kuvula kwa ameneyu ndakumva bwino.

Utsi wa Dwangwa uli apo. Munthu wapanjinga angafike tiyi asanazizire.

Sisitala andinong'oneza kuti Kamba atikoke, tikamasule chingwe pafupi ndi msika, Mkwatibwi akalowe yekha chotsetsereka. Mayi a Chifundo ali ndi makutu a mleme. "Ndinati ndi injini yake."

Ndalimba mtima ndawakumbutsa za dzulo. Lonjezo lija, pamaso pa mpingo wonse, chikhatho pachitseko.

"Ndinalonjeza womwalira. Inu muli moyo."

Ngakhale a Gondwe, amene sasowa mawu, ayang'ana kumwamba.

Matiresi tawachotsa pa Kamba, ndipo a Gondwe apitirira okha kukawapereka pamodzi ndi chitseko, nyali zozimitsa, jekete atavula. Ife tatembenuka. Kamba patsogolo, chingwe, Mkwatibwi pambuyo. Kagalimoto kakang'ono kaja kakukoka mnzake wamkulu, ndipo tikuthamanga kuposa masiku onse a ulendowu. Palibe wovula chipewa. Ana akutikuwiza, minibasi zikutiimbira hutala. Dziko labwerera mwakale.

Mopanda injini m'galimoto mumakhala bata. Kumangomveka matayala ndi mphepo. Nyanja ikuonekera m'mipata ya mitengo, mabwato, maukonde oyanika.

Pamlatho wa Bua mayi a Chifundo ayankhula akuyang'ana kunja: "Tsiku la ukwati anamukankhanso. Ankhoswe anu anang'amba buluku."

Ndinali nditaiwala! Ine ndimakumbukira kuti tinafika ngati mafumu. Aseka, ine ndaseka, mpaka Sisitala ayang'ana pagalasi kuti aone ngati chingwe chaduka. Dzanja lawo lakhala pabondo langa mpaka kutsidya.

Kenaka alichotsa. "Musaganize kuti ndaiwala tomato."

Kunyumba tapeza Chifundo, mabenchi a tchalitchi pabwalo ndi phulusa la moto wa maliro anga. Mkwatibwi tamukankhira pamalo pake. Matayala alowa okha m'maenje ake akale.

LAMULUNGU

Kutchalitchi aliyense akufuna kundigwira dzanja, ena akufinya kuti atsimikize. Mlembi anali atakonza kale chilengezo cha imfa yanga, ndiye wangosintha mawu apa ndi apo n'kuchiwerenga ngati chothokoza. Mkulu uja akutsimphina. Za kufatsa kwanga sanabwerezenso.

Pangano ndi pangano. Sanafike. Walira mvula walira matope.

Ndachotsa zanga m'galimoto: zigubu, mphasa, sipanala. Ndamasula kagalasi kam'mbali kuti nditsale ndi kenakake. Kakununkhabe mpasa. Ndamupukuta komaliza, ngakhale akupita kukaphwanyidwa. Munthu sapita ulendo wosasamba.

Masana lole ya zitsulo yafika. Ine ndalowa m'nyumba. Sindikufuna kuona. Koma zenera ndi lotsegula, ndipo sabata ino ndazolowera kumvetsera ndili pobisika.

Mayi a Chifundo akuti, "Pepani bambo, mwawotcha mafuta pachabe."

Munthuyo akuti tinagwirizana.

"Tinagwirizanadi. Koma Lachinayi madzulo, atandiuza uthenga uja, ndinakhala pakhonde pano n'kuyang'ana pansi pa mangopo. Panalibe galimoto, panalibe miyendo ya munthu yotulukira pansi pake. Malo a tomato anali atapezeka. Sindikufunanso kuwaona."

Lole yapita. Ine ndakhala pabedi kanthawi, kagalasi m'manja, chifukwa munthu wamkulu satuluka panja maso ali chonchi.

Nditatuluka ndapeza mayi a Chifundo akubwezera okha nkhuku m'galimoto. Ija yojompha yakhala kale pampando wa dalaivala. Iwo sanandiyang'ane.

"Akhala. Koma nkhuku zikhalanso. Ndipo kiyi bweretsani."

Ndapereka. Amumanga pamfundo ya chitenje, chija cha maluwa achikasu.

Nkhata Bay sitinafike. Dwambazi sitinafike. Dwangwa tinangoona utsi. Mkwatibwi sapitanso kulikonse, ndipo zikuoneka kuti inenso ayi. Tomato tidzala kuseri kwa bafa, ndipo wothirira ndine.

Ndabwezera kagalasi pamalo pake. Nkhuku yandijomphanso.